Ndowa Yodzaza Nsomba Zofufuma

Anzanga, inu amene tinakhalira limodzi pa mabenchi a kumishoni, mukundidziwa. Ine si munthu wa nthabwala. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ku njanji palibe amene anandionapo malaya ali kunja kwa buluku, ndipo kumpingo ndikangoimirira achinyamata ankakonza makolala asanadziwe chimene alakwa. Choncho nkhani ndikukusimbiraniyi musekere m'nyumba, zitseko zili zotseka. Ine ndaseka kale, ngakhale kuti kusekako kunachedwa kubwera.

Woyambitsa zonse ndi Sayimoni. Mukumukumbuka Sayimoni, uja ankaimba besi molakwitsa koma mokweza kuposa aliyense? Masiku ano ali kwa mwana wake ku America, kumpoto kwenikweni kumene nyanja zimauma ndi chisanu mpaka anthu kuyenda pamwamba pake. M'mwezi wa Meyi, kuno ku Perth kukuyamba kuzizira, iye anayamba kunditumizira zithunzi pafoni. Lero wanyamula nsomba, mawa wanyamula nsomba, mano onse ali panja. Nsombazo ndi zathyathyathya ngati makumba, zamawangamawanga, ndipo akuti dzina lake ndi kirapi. Kenako anatumiza mawu ojambula, akulankhula ngati mphunzitsi wamkulu.

"Mbale wanga, chisanu chikangosungunuka nsombazi zimabwera kugombe, m'madzi osaya, pafupi ndi mabango pamene dzuwa latenthetsa. Usavutike ndi nyongolotsi. Pali timbedza tating'ono ta mchira wa pulasitiki, madzi akakhala akuda uike wachikasu, akakhala oyera uike woyera, zikakana uyese wapinki. Ukoke pang'onopang'ono ngati ukunyengerera mwana. Kapena manja anafooka ndi tiyi wa ku Australia?"

Kodi mukudziwa chimene chinandipweteka? Si chipongwe chakecho ayi. Chinandipweteka ndi chithunzi china chimene anajambula patebulo, ana ake ndi zidzukulu akudya nsomba zimene iye mwini wagwira. Ine chibwerereni kuno kwa mwana wanga Tiyamike sindinalowetsepo m'nyumba muno kanthu kalikonse kodyedwa kochokera m'manja mwanga. Iye ndi namwino, amagwira mashifiti, ndipo amandisamalira bwino, sindingamunamizire. Furiji imakhala yodzaza. Koma ine ndimangodya ngati mlendo amene anaiwala njira yobwerera kwawo. Kale ndikapita kutchuthi kumudzi ndinkatsikira ku Linthipe ndi nsungwi yanga, nyongolotsi m'chitini, kaphesi ka chimanga kakuyandama pamadzi, ndipo pobwera malemu mayi a Tiyamike ankandichingamira pa mtengo wa mango uja, kulandira nsomba ndi manja awiri n'kunena kuti, "Mwatopa, abambo." Ngakhale zikhale zitatu zokha, zazing'ono ngati zala. Mawu amenewo sindinawamvenso. Ndinangofuna kuti kamodzi kokha, ndisanatsike m'manda, anthu adye ndiwo n'kunena kuti izi abweretsa ndi adadi.

Koma chikumbumtima chinandivuta pa nkhani ya nyambo. Nyongolotsi ndi chakudya chenicheni, nsomba imafa inde, koma imafa italawako. Pulasitiki ndi umboni wonama. Ndinalimbana nazo mumtima nyengo yonse yozizira, ndipo pamapeto pake chilakolako chinapambana, monga chimachitira ngakhale kwa akulu a mpingo.

Popeza ndine munthu wa dongosolo, sindinathamange. Ndinadikira kuti nyengo yathu kuno ifanane ndi imene Sayimoni ankanena, maluwa ataphukira, dzuwa litayamba kufunda. Kenako ndinakwera sitima kupita ku Joondalup, m'sitolo ya zowedzera, n'kupeza mnyamata wa ndolo pamphuno. Ndinamuuza m'Chingerezi changa cha kumishoni kuti ndikufuna nyambo za kirapi. Iye anandiyang'ana, n'kufunsa mnzake, mnzakeyo n'kuyang'ana pafoni, kenako onse awiri akuti nsomba imeneyo ku Australia kulibe. Ndinawayankha kuti sindinabwere kudzaphunzira jogalafe. Sayimoni anati nyanja za kumpoto, ife timakhala kumpoto kwa mzinda, ndipo nyanja zilipo, nanga vuto lili pati? Ndinagula wachikasu, woyera ndi wapinki, ndodo yake ndi chingwe chomwe.

Mawa lake ndinavala jekete, chipewa, n'kupita ku kanyanja kena ka mabango komwe ndinkakaona ndili m'basi. Ndinapeza malo abwino, madzi osaya, dzuwa likuwomba, ndipo panalinso chitsulo choimikidwa pansi chotsamira msana. Ndinaponya wachikasu. Ndinakola ndere. Ndinaponya woyera. Ndinakola ndere zina. Abakha anasonkhana kundiyang'ana ngati anthu a pa msonkhano. Dzuwa litafika pamutu kunabwera mayi wina wa yunifolomu ya khansolo, waulemu ndithu, n'kundifunsa ngati ndawerenga chikwangwani. Ndinati chikwangwani chiti? Analoza pamwamba pa mutu wanga. Abale! Chitsulo ndinatsamira m'mawa wonse chija chinali mwendo wa chikwangwani choletsa kuwedza, chojambulidwa munthu wa mbedza atamudula ndi mzere wofiira. Ine, amene ndinkathamangitsa anthu odutsa panjanji pamalo oletsedwa! Mayiyo anangoti ndisabwerezenso, koma ine ndinamupepesa mpaka iye anayamba kundipepesa.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinafika kunyumba n'kuitana mkamwini wanga.

Ndikufotokozereni za mwana ameneyu, chifukwa popanda iye nkhaniyi simungaimvetse. Bambo a Dalitso ndi wa ku Dedza, amagwira ntchito ku Malaga, konkuno ku Perth, m'nyumba yosungira katundu, ndipo analeredwa monga tinkalerera kale. Sakhala nane mpando umodzi. Akamalankhula nane amayang'ana nsapato zake. Chikwatire mwana wanga sanandiuzepo kuti ayi, kapena kuti mwalakwitsa. Ine ndinkanyadira zimenezi poyera, ndinkauza anthu kumpingo kuti onani, ulemu ukhoza kuwoloka nyanja osanyowa. Sindinkadziwa kuti ulemu womwewo udzatsala pang'ono kundiphetsa anthu.

"Bambo a Dalitso, kodi m'dziko muno nsomba amawedza kuti mosalakwira lamulo?"

"Ku mtsinje wa Swan amalola, bambo. Ngati kungakukomereni, Loweruka ndili ofu."

Loweruka lomwelo masana inali nthawi yathu yolandira mapemphero a mlaga, gulu lathu la akhristu a dera limodzi, kunyumba. Mwambo wake ndi wakuti banja lililonse limabwera ndi kambale ka ndiwo. Ndiye Lamulungu, anthu akumwa tiyi titatuluka m'tchalitchi, ine ndinagogoda kapu ndi supuni n'kulengeza kuti Loweruka pasakhale mayi aliyense wovutika, ndiwo zichokera kwa ine, nsomba zatsopano za mumtsinje. Anawomba m'manja. Tiyamike anandiyang'ana, n'kuyang'ana mwamuna wake, mwamunayo n'kuyang'ana nsapato.

Tinalawirira. Tiyamike anali atapita kale kushifiti. Tinafika pa kamlatho ka matabwa kolowa m'madzi, mzinda ukuoneka patali, madzi ali bata, ndipo fungo la matope linandikumbutsa kwathu. Ndinaika wapinki, n'kukoka pang'onopang'ono monga ananenera Sayimoni. Ndodo inagwedezeka! Anzanga, manja sanaiwale. Ndinamva kulemera kuja kumene kumayambira m'zala kukafika mumtima, ndinakoka, n'kutulutsa nsomba yokongola, yonenepa, yakuda kumsana, yoti mukanaiona mukanati ndi chambo chimene chapita kusukulu. Mkamwini anati imeneyo ndi burimu, nsomba yabwino kwambiri. Ndinatsala pang'ono kulira.

Koma pa bokosi la mbedza la mkamwini panali pomatidwa rula, ndi zithunzi za nsomba ndi utali wololedwa. Ndinaigoneka paja. Inaperewera, anzanga, inaperewera ndi kachikhadabo kokha.

Mkamwini anayang'ana kutsidya. "Ine maso anga ali uko, bambo, sindinaone kanthu."

"Mulungu waona," ndinatero.

Ndinagwada n'kuibwezera m'madzi ndi manja anga omwe. Kodi munayamba mwaonapo ndiwo ikukutsanzikani ndi mchira? Ndinaima ndi chikumbumtima choyera ndi ndowa yopanda kanthu, ndipo kunena zoona, pa nthawi imeneyo ndikanasankha ndowa.

Kenako zinayamba kudya. Ndikangoponya, chinthu chagwira. Ndikukoka, n'kutuluka kansomba kafupi, kozungulira, kopanda mamba, kamaso aakulu, kamano ngati a mbewa. Nditakagwira kanayamba kufufuma, kufufuma, mpaka kukhala ngati mpira, kakulira kwii kwii m'dzanja langa. Ndinafufuza pa rula paja, chithunzi chake palibe, utali wake palibe. Ndinati eya, apa ndiye lamulo silikuletsa, Mulungu wandibwezera chifukwa cha kukhulupirika kwanga. Ndinakaponya m'ndowa.

Mkamwini anatsokomola. "Bambo, izi amati bulowi."

"Dzina labwino."

"Anthu a kuno sazikonda kwenikweni."

"Anthu a kuno amataya mitu ya nsomba ndi mapazi a nkhuku. Adzandiphunzitsa ndiwo ndani?"

"Zoona, bambo."

Sizinasankhe mtundu. Wapinki zinadya, wachikasu zinadya, woyera zinaluma mchira n'kusiya mbedza yokha, ndipo mbedza yokhayo zinadyanso. Maphunziro onse a Sayimoni a madzi akuda ndi madzi oyera analibe ntchito. Ndowa inkadzaza, ine ndikuimba nyimbo ya kukolola chapansipansi. Mkamwini sanaponye mbedza yake ngakhale kamodzi, anali pafoni, kulemba, kudikira, kulembanso, thukuta lili pamphumi pamene kunali kamphepo. Ndinamudzudzula kuti achinyamata a masiku ano foni yawadya mitu. Anati, "Zoona, bambo."

Mzungu wina wamimba yaikulu amene ankawedza chapafupi anasuzumira m'ndowa, n'kuyamba kulankhula mothamanga, mawu akutulukira m'mphuno monga amachitira kuno, akugwedeza mutu. Chingerezi ndimachidziwa, koma chimenechi si chimene tinaphunzira ife. Ndinafunsa mkamwini kuti akuti chiyani.

Anayang'ana nsapato. "Akuti mwagwira zambiri, bambo."

Ndinamuvulira mzunguyo chipewa kumuthokoza.

Pobwerera mkamwini anayendetsa galimoto ngati ali pa mdipiti wa maliro. Anaima kuthira mafuta pamene tanki inali yodzaza. Analowa m'sitolo n'kukhalitsa. Anasochera njira ya kunyumba kwake komwe. Penapake anati, "Kapena tizisunge kaye, bambo, mpaka abwere mayi a Dalitso azione?" Ndinati nsomba sidikira namwino. Titafika anathamangira kukhitchini ine ndikutsitsa ndowa, ndipo nditalowa ndinapeza mipeni yonse yasowa. Nyumba yonse yopanda mpeni! Ndinamufunsa, anati mwina ana. Ndinati yatsani chitofu mafuta azitentha, anati gasi akuoneka ngati watha. Ndinadandaula mokweza kuti m'nyumba muno mulibe dongosolo, n'kutulutsa kampeni kanga ka m'thumba, kaja sindisiyana nako, n'kukhala pakhonde la kuseri, ndowa pakati pa miyendo, manja a malaya atapindidwa bwinobwino. Iye anaima pambali panga, akutsegula pakamwa n'kutseka, kutsegula n'kutseka, ngati nsomba zomwezo.

Ndinali nditangotumbula yoyamba pamene ndinamva magalimoto pabwalo. Tiyamike anafika ali m'yunifolomu, foni ili m'manja, atangoitulutsa kumene m'kabati ya kuntchito momwe amaitsekera akakhala pashifiti, ndipo pambuyo pake panali Mayi Nankhoma, mtsogoleri wa amayi kumpingo kwathu amenenso ndi namwino, ndi ena onse a mlaga, Mabaibulo m'khwapa. Ine ndinaimirira, nsomba m'dzanja, ndikudikira mawu aja ndinawasowa zaka zonsezi.

"Adadi! Ponyani pansi! Musagwire pakamwa, musagwire m'maso! Imeneyo ndi poizoni, imapha munthu!"

"Iwe, lankhula mwaulemu, pali alendo."

"Ulemu wake uti, adadi? Kamodzi kokha kameneko kangagoneke nyumba yonse ino! Ngakhale agalu amafa akakatola kugombe!"

Nsomba ndinaiponya pansi. Mukumbuke kuti mpingo wathu kuno theka ndi anamwino. Mosakhalitsa ndinazunguliridwa, wina akundisambitsa manja ndi sopo ngati khanda, wina akundifunsa ngati milomo yachita dzanzi, wina wanditukula chikope. Mayi Nankhoma anasuzumira m'ndowa, n'kugwira m'chiuno.

"Koma akulu a mpingo! Ndiye mumafuna mlaga wonse ukafike kumwamba tsiku limodzi, pamzere, mwadongosolo?"

Anthu anaphulika. Amuna anatembenukira kumpanda mapewa akugwedezeka, amayi sanavutike n'kubisa komwe. Tiyamike anatembenukira mwamuna wake.

"Nanga inu bambo a Dalitso, pakamwa panali chiyani?"

"Ndakulemberatu mameseji m'mawa wonse."

"Mameseji! Munthu ali pambali panu!"

"Ndi apongozi, Tiya. Ndikanayamba bwanji? Mipeni ndabisa mu makina ochapira. Gasi ndatseka panja. Akanafika pa poto ndikanagwetsa ndowa, ndinali nditakonzeka."

Mwana wa eni ake anali wokonzeka kuoneka wopusa, wosasamala, wogwetsa ndiwo za apongozi pamaso pa anthu, kusiyana n'kundiuza kuti bambo mwalakwitsa. Ndipo m'buti ya galimoto munali nkhuku zowotcha zimene anagula m'sitolo muja. Ndowa yanga inamangidwa m'mapepala apulasitiki angapo, Tiyamike atavala magolovesi, n'kutayidwa ngati zinyalala za kuchipatala. Pa nthawi ya chakudya anandipempha kuti ndidalitse, monga mwini nyumba wamkulu. Ndinadalitsa nkhuku ya m'sitolo ndi mawu a munthu amene wachokera kumanda, ndipo nditafika pakuti mutiteteze ku zoipa zimene sitikuziona, wina kumbuyo anati ameni nthawi isanakwane.

Alendo atapita ndinakhala pakhonde paja ndekha, dzuwa likadalipo. Mtima unali kwathu. Kwathu ndimadziwa chilichonse chosambira, chokwawa ndi chomera, ndimadziwa bowa wodyedwa ndi wakupha ndisanawerame n'komwe. Kuno ndine mwana wa sitandade wani wa imvi. Ndinaitana mkamwini, n'kumuuza kuti akhale pampando. Anakhala m'mphepete mwenimweni.

"Bambo a Dalitso, ulemu wanu ndauona ndipo ndathokoza. Koma kuyambira lero ndikukumasulani. M'dziko muno inu ndinu maso anga. Mukaona ndikulakwitsa, nenani mosapsatira, ngati mwana wanga wobereka."

"Zoona, bambo?"

"Ndanena. Za mumtsinje ndasiya. Ndiwo yanga ichokera m'nthaka, kumeneko palibe angandinamize. Mwaona zipwete zanga zija zamera zokha kumpanda, ndakhala ndikuzithirira m'mawa uliwonse? Zayamba kuyanga. Zikabereka tidzaitananso mlaga."

Anayang'ana nsapato. Anayang'ana kumpanda. Kenako, kwa nthawi yoyamba chikwatire mwana wanga, anandiyang'ana m'maso.

"Ndiye poti mwandimasula, bambo, si zipwete zija. Nazonso ndi poizoni."

Ufulu uja ndinafuna kumulanda pomwepo, koma mawu a mkulu wa mpingo sabwezedwa. Ndinazula ndekha mawa lake m'mawa, anthu asanadzuke. Ndipo ndalumbira, anzanga, inu mukhale mboni: m'dziko muno sindidzatolanso ndiwo m'madzi, m'nthaka kapena mumtengo. Ndapempha ntchito yokankha trole m'sitolo tikamagula zakudya Loweruka lililonse, ndipo chilichonse chimene sichinalembedwe dzina papaketi sindichikhudza.